Yankho: Kodi boma lingakuchotseni ntchito osakufunsani mbali yanu?

Achimwene, mwafunsa ngati mlongo wanu, mlembi mu unduna wina, angadandaule poti anangolandira kalata yomuchotsa ntchito osaitanidwa kukadziteteza. Angadandaule ndithu.

Lamulo la Employment Act la 2000 limakhudzanso ogwira ntchito m'boma, kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende. Gawo 57 likuti payenera kukhala chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ili ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, munthu apatsidwe mpata woyankha mlandu asanachotsedwe. Pamwamba pa izo, gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limamupatsa ufulu wolandira zifukwa zake zolembedwa.

Asachedwe: dandaulo limapita kwa Labour Officer (mkulu woona nkhani za ntchito) wa pa boma pasanathe miyezi 3 chichotsedwereni ntchito. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations (loweruza milandu ya ntchito), komwe olemba ntchito ndiwo ayenera kutsimikiza chifukwacho, osati iye. Khotilo lingalamule kuti abwerere pa ntchito kapena apatsidwe chipukuta misozi molingana ndi zaka zomwe wagwira.

Koma aonetsetse kaye kalatayo. Ambiri amasokoneza kuimitsidwa poyembekeza kafukufuku ndi kuchotsedwa kwenikweni. Asunge kalatayo, mapeyisilipi ndi kalata yomulembera ntchito.