Chipeso chimene chimakupwetekani si cha tsitsi lanu

Bambo wina wandilembera imelo kufunsa ngati agule chipeso kapena burashi, popeza tsitsi lake ndi la mzindo ndipo akamaliza kupesa m'mawa amapeza timatsitsi titamwazika pa kolala ya malaya. Achimwene, funso lanuli landikumbutsa nthawi imene ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti dazi landipeza ndisanakwanitse zaka 30.

Kwa zaka zambiri ndinkayenda ndi kachipeso kakuda ka pulasitiki m'thumba la kumbuyo, monga momwe ankachitira bambo anga. Kanali ka mano ang'onoang'ono othithikana, ndipo ndinkakalowetsa m'tsitsi louma gwa, kuyambira kutsinde, n'kumakoka mpaka misozi kulengeza m'maso. Ululu umenewo ndinkauyesa umboni wakuti ntchito ikuyenda bwino.

Amene ananditsegula maso anali wometa tsitsi wina wachikulire. Anatola katsitsi kamodzi paphewa panga, nakaika pachikhatho chake, n'kundiuza kuti ndikayang'anitsitse. Tsitsi limene lathothoka lokha limakhala ndi kamutu koyera kumapeto kwake, ndipo munthu wathanzi amataya tsitsi lotere pakati pa 50 ndi 100 tsiku lililonse popanda vuto. Langa linalibe kamutuko, chifukwa linali tizidutswa toduka pakati. Kenaka anandipempha kachipeso kanga kaja, nayendetsa chikhadabo pakati pa mano ake, ndipo ndinamva ndekha chikukwekwesa kamzere kakuthwa kamene kamatsalira pulasitiki ikaumbidwa m'chikombole. Kamzere kameneko ndi kamene kankapala tsitsi langa m'mawa uliwonse.

Tsitsi lopotana silikhala lobulungira ngati lowongoka. Limakhala lophwatalala pang'ono, ndipo paliponse pamene lapindika ndi pofooka. Mafuta amene khungu la m'mutu limatulutsa amavutikanso kuyenda m'mapindikidwe onsewo kuti akafike kunsonga, n'chifukwa chake limauma msanga ndipo likakokedwa limaduka.

Pano ndilankhula mosapsatira mawu, ngakhale ena akwiya. Amuna ambiri timasankha nsapato mosamala, koma chipeso timangotola chilichonse chimene tapeza, ndipo chikatipweteka timati mwamuna amapirira. Kumeneko si kupirira ayi, koma kusasamala. Zipeso zakale zimene zinafukulidwa ku Egypt ndi ku Sudan, zina za zaka pafupifupi 6,000, zili ndi mano ataliatali oyenera tsitsi lopotana. Ngati anthu osema ndi manja ankalidziwa bwino tsitsi lawo chomwecho, ife tilibe chowiringula.

Ndionjezeponso za kubwerekana, chifukwa zimandinyansa. Munthu amene sangakubwerekeni mswachi amakupatsani chipeso popanda kuganiza kawiri, chikhalirecho chipere ndi nsabwe zimayenda pa mano omwewo kuchoka m'mutu wina kupita m'mutu wina. Mnzanga wina wa kuntchito anandinena kuti ndine woumira nditamukaniza changa, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Nanga burashi?

Burashi si yomasulira tsitsi lopiringizana, ndipo amene amaigwiritsa ntchito motero amangowonjezera mavuto. Ntchito yake ndi kugoneka tsitsi lalifupi ndi kufalitsa mafuta a m'mutu, ndipo pa zimenezi ya ubweya wa nguluwe imaposa ya nayiloni. Yolimba kwambiri imakala khungu ngati mwameta motsitsa kapena ngati tsitsi layamba kupyapyala pankhongo ndi paliwombo, choncho pamenepo pamafunika yofewa. Musayembekezere kuti chida chilichonse mwa ziwirizi chiletsa dazi lenileni, chifukwa limenelo limachokera ku mtundu ndi mahomoni.

Tsono inu achimwene, poti tsitsi lanu ndi la mzindo, gulani chipeso cha mano akuluakulu otalikirana ndi osongoka mobulungira, ndipo musanalipire yendetsani chala pakati pa manowo kuti mumve ngati ndi osalala. Muzipesa tsitsi likadali lonyowa pang'ono mutapakamo mafuta, kuyambira kunsonga kutsikira kutsinde. Chikakhala cha mtengo musachiviike m'madzi, chifukwa chimang'aluka. Burashi mudzaigule tsiku limene mwaganiza zometa lalifupi.