Ndinapangira sitolo pulogalamu koma sakumaliza kundilipira: kodi ndiitseke?

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mwanena kuti munapangira mwini sitolo ya zipangizo zomangira nyumba ku Lilongwe pulogalamu ya pakompyuta yowerengera katundu, malonda a tsiku ndi ngongole za makasitomala. Munagwirizana K3,000,000, iwo anakupatsani theka, zina pa Airtel Money zina kubanki, ndipo zonse munkakambirana pa WhatsApp popanda pepala losainirana. Pulogalamu ikugwira ntchito, anyamata a m'sitolomo akuigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma za ndalama yotsalayo mwakhala mukungouzidwa kuti mudikire mwezi uthe, ndipo pano foni yanu sakuyankhanso. Pasiwedi ya admin, yolowera monga woyang'anira pulogalamu yonse, mudakali nayo. Mukufuna kudziwa ngati lamulo likukulolani kulowa n'kutseka pulogalamuyo mpaka atalipira, poti code, malangizo a pakompyuta amene amapanga pulogalamuyo, munalemba ndinu.

Musatseke. Ndikudziwa kuti mtima ukuwawa, ndipo ndalamayo ndi yanu ndithu, munaikhetsera thukuta. Koma lero lino amene ali ndi mlandu ndi iwowo, ndipo ndi mlandu wa ngongole basi. Tsiku limene mudzalowe m'makina awo n'kutseka, mlandu udzatembenukira kwa inu, ndipo wanuwo udzakhala wa apolisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta kapena m'data (zinthu zosungidwa m'kompyuta) ya munthu wina popanda chilolezo, kusintha kapena kuwononga data yake, komanso kuchititsa kuti makina ake aleke kugwira ntchito. Chilango cha milandu imeneyi ndi chindapusa cha mamiliyoni a kwacha pamodzi ndi zaka zingapo kundende. Mwina muti chilolezo muli nacho chifukwa pasiwedi anakusiyirani okha. Anakusiyirani kuti muzikonza pulogalamu ikavuta. Woweruza adzafunsa kuti chilolezocho chinali cha ntchito yanji, ndipo simudzapeza uthenga uliwonse umene akukuuzani kuti mudzawatsekere bizinesi. Mmisiri amene sanalipidwe sangabwere usiku ndi kiyi amene anasiyiridwa n'kudzazula zitseko za nyumba imene anthu akugonamo, ngakhale zitsekozo anakhoma yekha. Kuwonjezera apo, sitolo ikaima masiku angapo, mwini wake akhoza kukusumirani kuti mumubwezere zimene wataya, ndipo ndalama imeneyo ikhoza kuposa K1,500,000 mukuithamangirayo.

Pali nkhani imodzi yofanana ndi imeneyi koma yosiyana pa lamulo. Ngati pulogalamuyo ikukhala pa server (kompyuta ya pa intaneti yosungirapo mapulogalamu) imene ili m'dzina lanu ndipo mukuilipira ndi ndalama za m'thumba mwanu mwezi ndi mwezi, simukuyenera kupitiriza kuwalipirira mpaka kalekale, pokhapokha ngati munalonjeza kuti mtengo wa server uli kale mu K3,000,000 muja. Alembereni kalata yowauza tsiku limene mudzaleke kulipira, apatseni nthawi yokwanira yoti asamutse zinthu zawo, ndipo data yawo yonse muwapatse ili yathunthu. Kuleka kulipira chinthu chanu mutachenjeza n'kosiyana ndi kulowa m'makina a mwini mwakachetechete.

Data imeneyo muisamale kwambiri. M'pulogalamu yanu muli mayina a makasitomala, manambala awo a foni ndi ngongole zawo. Anthu amenewa sakudziwa n'komwe za mkangano wanu. Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA limayang'anira, limateteza zinthu zotere zokhudza anthu. Ngati muli ndi kope ya database, nkhokwe ya zinthu zonsezi, pa laputopu yanu, musaigwiritse ntchito poopseza mwini sitolo, musaionetse kwa wina aliyense, ndipo musaimbire makasitomala ake kuwauza kuti mwini sitoloyo ndi wakuba.

Tsopano tione pamene inu muli ndi mphamvu, chifukwa mphamvu muli nazo zambiri kuposa mmene mukuganizira.

Kusowa kwa pepala losainirana sikutanthauza kuti panalibe mgwirizano. M'malamulo athu pangano la ntchito ngati iyi limamanga ngakhale litachitika pakamwa chabe, bola pakhale umboni woti wina analonjeza ntchito, wina analonjeza malipiro, ndipo onse awiri anavomera. Lamulo la 2016 lomwe lija limanenanso kuti mauthenga a pafoni ndi pakompyuta akhoza kulandiridwa ngati umboni m'khoti. Ndiye macheza anu a pa WhatsApp ndi chuma. Chimene khoti limafuna kukhutira nacho n'chakuti uthengawo ndi weniweni ndipo sunasinthidwe. Pa chifukwa chimenechi ma screenshot okha musawadalire, chifukwa loya wa mbali inayo adzanena kuti mwadula pamene pakukukomerani. Tulutsani macheza onse kuyambira tsiku loyamba pogwiritsa ntchito Export chat, muwatumize ku imelo yanu, ndipo foni imene muli mauthengawo musaigulitse kapena kuifufuta mpaka nkhani itatha. Mauthenga a mawu nawonso muwasunge. Katengeni sitetimenti kubanki ndi ku Airtel Money yoonetsa tsiku limene theka lija linalowa ndi kumene linachokera. Theka limenelo ndi umboni wamphamvu kwambiri, chifukwa munthu sapereka K1,500,000 kwa munthu amene sanapangane naye kanthu. Ngati code yanu ili pa GitHub kapena malo ena otere osungirako code pa intaneti, mbiri ya zimene munkasintha (ma commit) idzaonetsa masiku amene munkagwira ntchitoyo.

Fufuzaninso m'machezamo ngati pali pamene iwo anavomera kuti ntchito yatha, kapena pamene analemba kuti "ndikupatsani mwezi ukatha". Mawu amenewo ndi kuvomera ngongole. Ndikunena izi chifukwa chodzitetezera chimene anthu otere amabwera nacho m'khoti chimakhala chimodzimodzi nthawi zambiri: akuti pulogalamu inali yosatha, inkavuta, sinkachita zimene anapempha. Ngati m'miyezi yonseyi sanadandaulepo zotere ndipo akuigwiritsa ntchito, mawu amenewo sadzalemera. Koma ngati palidi mbali imene munalonjeza ndipo simunamalize, imalizeni kapena vomerani kuti ichotsedwe pa mtengo musanapite kukhoti. Kubisa zimenezo kumawononga mlandu wabwino.

Za umwini wa code. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a pakompyuta, ndipo chitetezocho chimayamba pamene mwalemba ntchitoyo, sichidikira kuti mukalembetse kwina kulikonse. Bungwe loona za ufulu wa eni luso m'dziko muno ndi COSOMA, ndipo mukhoza kukafunsa kumeneko za kulembetsa ntchito yanu kuti mukhale ndi umboni wowonjezera. Komabe pa ntchito imene munthu wachita kukutumani n'kukulipirani, funso loti mwini ndani limadalira kwambiri zimene munapangana, ndipo inu simunapangane kanthu pa mfundo imeneyi. Iwo adzati anagula pulogalamu yonse. Inu mudzati munangowalola kuigwiritsa ntchito. Mkangano wotere umadya nthawi ndi ndalama. Komanso ngati munamanga pa Laravel, MySQL kapena zida zina za open source, zimene ena analemba n'kulola aliyense kugwiritsa ntchito, mbali zimenezo zili ndi malayisensi ake ndipo simungazitche zanu. Uphungu wanga ndi wakuti mlandu wanu uime pa ngongole, pamene umboni uli poyera. Nkhani ya copyright, umwini wa ntchito imene munalemba, muisunge, idzagwira ntchito mukadzamva kuti akukopera pulogalamuyo n'kumagulitsa kwa masitolo ena.

Choyamba kuchita ndi kalata yolamula kuti alipire. Ikhale yaifupi ndi yaulemu: tsiku limene munagwirizana, ntchito imene munagwira, ndalama imene analipira, imene yatsala, akaunti yolipirira, ndi masiku amene mukuwapatsa, kaya 7 kaya 14, ndipo munene kuti akapanda kulipira nkhani ipita kukhoti kumene mudzapemphanso chiwongoladzanja ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Musaikemo mawu oopseza kuti mutseka makina kapena muwayalutsa. Kalatayo ipite pamanja, wolandira asaine pa kope yanu, ndipo ina muitumize pa WhatsApp ndi pa imelo. Mukhoza kulemba nokha, koma kalata yochokera kwa loya imayankhidwa msanga, ndipo ngongole zambiri zimathera pomwepa. Akapempha kuti azilipira pang'onopang'ono, musakane msanga. Lembani masiku ndi ndalama za gawo lililonse, asaine. Pepala limenelo lidzakupatsani umboni umene munalibe poyamba.

Musanalembe kalatayo dziwani amene mukumusumira. Ngati sitoloyo ndi kampani ya Limited, wangongole ndi kampaniyo, osati bambo amene munkalankhula nawo. Ngati ndi dzina la bizinesi chabe, mlandu umapita kwa mwini wake. Onani dzina lolembedwa pa malisiti awo ndi pa akaunti imene ndalama inachokera, ndipo mukhoza kukatsimikiza ku ofesi yolembetsa makampani ndi mayina a bizinesi. Milandu yambiri imachedwa chifukwa chisamani chinalembedwa dzina lolakwika.

Kupolisi musatayeko nthawi. Ngongole yochokera pa mgwirizano si mlandu wa upandu, ndipo gawo 19 la Malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa chakuti walephera kukwaniritsa pangano. Apolisi amalowererapo pokhapokha pali umboni woti munthuyo anakupusitsani mwadala kuchokera pachiyambi, ndipo munthu amene analipira theka n'kovuta kumuika m'gulu limenelo.

Masiku a m'kalata akatha, pitani kukhoti. Makhoti a majisitireti amaweruza milandu ya ndalama mpaka malire ena malinga ndi giredi ya majisitireti, ndipo yopitirira malirewo imapita ku Bwalo Lalikulu, kumene kuli nthambi yoona milandu ya zamalonda, Commercial Division, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kalaliki wa kukhoti akaona kuchuluka kwa ndalama yanu adzakuuzani khomo loyenera ndi ndalama yolembetsera. Kwa majisitireti munthu akhoza kudziimira yekha, ndipo ambiri amatero. Mumalemba madandaulo anu, khoti limatulutsa chisamani, chisamanicho chimaperekedwa kwa wosumiridwa, ndipo iye amapatsidwa masiku oti ayankhe. Akangokhala chete osayankha, mukhoza kupempha khoti kuti ligamule mokomera inu popanda kuzenga mlandu wonse. Akayankha n'kukana, ku Bwalo Lalikulu malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa pa zokambirana pamaso pa woweruza ngati mkhalapakati, ndipo ikakanika pamenepo ndiye imakazengedwa. Ngati simungakwanitse kulipira loya, kafunseni ku Legal Aid Bureau, kumene amayamba aona kapezedwe kanu ndi kulimba kwa mlandu wanu.

Kupambana mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri. Chigamulo chikatuluka munthu n'kukanabe kulipira, mumabwerera kukhoti kukapempha kuti asherifu akalande katundu wake n'kugulitsa, kapena kuti banki yake ikupatseni ndalama kuchokera mu akaunti yake. Apa muli ndi mwayi, chifukwa wangongole wanu ali ndi sitolo yodzaza katundu ndi akaunti imene mukuidziwa kale.

Lamulo la Limitation Act limakupatsani zaka 6 kuti musumire munthu pa nkhani ya mgwirizano. Koma musadikire chifukwa choti nthawi ilipo. Mukukumbukira kuti kwacha inatsika ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene ankadikira ngongole zawo nthawi imeneyo analandira nambala yomweyo koma yogula zochepa. Mwezi uliwonse umene mukudikira, amene akupindula ndi wangongole.

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ugwireni mtima. Anzanu a ntchito imeneyi adzakuuzani kuti muike chithunzi cha munthuyo ndi dzina la sitolo kuti achite manyazi. Ngakhale mu 2025 khoti linagamula kuti gawo la Penal Code lomanga anthu pa mlandu woipitsa mbiri likutsutsana ndi Malamulo oyendetsera dziko, munthu akhozabe kukusumirani kuti mumulipire chifukwa chomuipitsira mbiri, ndipo lamulo la Electronic Transactions lija lili ndi milandu yokhudza kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa mauthenga. Mawu amodzi owonjezera, monga kumutcha mbava, akhoza kumupatsa chokubwezerani nacho m'khoti.

Pa ntchito zanu zam'tsogolo, tsamba limodzi lokha likwanira. Lembani zimene pulogalamu idzachite ndi zimene sidzachita, gawani malipiro motsatira magawo a ntchito, ndipo nenani poyera kuti umwini kapena chilolezo chogwiritsa ntchito pulogalamu chidzapita kwa kasitomala akamaliza kulipira. Ngati mukufuna kuti pulogalamu izitha kuima munthu akapanda kulipira, monga amachitira makampani ogulitsa mapulogalamu a mwezi ndi mwezi, mfundo imeneyo ilembedwe m'mgwirizano, kasitomala aiwerenge ndi kusaina, ndipo pakhale masiku ochenjeza ndi njira yoti atenge data yake. Chimene chimasiyanitsa kuimitsa kololedwa ndi mlandu wa apolisi ndi chilolezo chimene munthu anapereka akudziwa.

Sabata ino tulutsani macheza aja, katengeni masitetimenti, ndipo mulembe kalata. M'kalata yomweyo muwauze kuti asinthe pasiwedi ya admin, kapena akulembereni ngati akufuna kuti muzilowabe pokonza zovuta. Mukatero, makina awo akadzavuta pa chifukwa china chilichonse, palibe amene adzakulozeni chala.