Khalidwe, chikhalidwe ndi umunthu si chinthu chimodzi

Mayi wina wa ku Mabvuku walemba kuti: "Mwana wanga akuphunzira filosofi pa University of Zimbabwe. Wandifunsa kuti phunziro lomwe pa Chingerezi amati ethics tingalitchule bwanji m'chinenero chathu. Ndamuyankha kuti ndi phunziro la chikhalidwe. Kodi ndalondola?"

Amayi, mwayandikira, koma "chi" ameneyo mumuchotsepo. Khalidwe ndi la munthu: momwe amayankhulira, momwe amachitira ndi anzake, zomwe amachita pamene palibe womuona. Chikhalidwe ndi cha mtundu wonse, monga Gule Wamkulu amene amatuluka pamaliro kwanu ku Mabvuku ndi ku Tafara, chinamwali, kapena kugwada popereka madzi kwa apongozi. Phunziro la mwana wanu limafunsa kuti chabwino n'chiti, choipa n'chiti, ndipo tadziwa bwanji. Limafika poyika pa sikelo ngakhale chikhalidwe chenichenicho. Mwambo wa kulowa kufa, woti mayi amene mwamuna wake wamwalira agonane ndi mwamuna wina pofuna kumuyeretsa, unali chikhalidwe m'madera ena, koma anthu anadzafunsa ngati ndi bwino kukakamiza mayi wamasiye kutero. Mukalitcha phunziro la chikhalidwe ndiye kuti woweruza ndi woweruzidwa mwawapatsa dzina limodzi. Ine ndinganene kuti "phunziro la makhalidwe abwino ndi oipa". Ndi lalitali, inde, koma agogo akalimva salifunsa kawiri.

Mwanayo akumananso ndi mawu oti hunhu, chifukwa kuno ku Harare nkhaniyi imakambidwa m'Chishona. Stanlake Samkange ndi mkazi wake Tommie Marie anatulutsa buku la Hunhuism or Ubuntuism m'chaka cha 1980, ndipo mawuwa anakhazikika m'masukulu. Ife tili ndi athu: umunthu. Taonani kusiyana kwake. Ashona amachotsa "mu" wa munhu n'kutsala ndi unhu kapena hunhu, pomwe ife munthu timamusiya wathunthu n'kungoikapo "u" kutsogolo. Ndamvapo ana obadwira ku Mufakose akuti "alibe unthu". Ndimawakonza mofatsa, poti malilime awiri akukumana m'kamwa mwawo tsiku lililonse. Komatu Chichewa chili m'gulu la zinenero 16 zomwe malamulo a dziko lino a 2013 amazivomereza, choncho asachite manyazi kulemba umunthu m'mayeso ake.

Umunthu ndi wozama kuposa khalidwe. Munthu atha kukhala waulemu, wopereka moni mogwada, koma akaona mnzake wakomoka pa msika wa Mbare n'kungomudutsa. Za wotereyu timati "uja si munthu". Sitikukana kuti ali ndi miyendo iwiri ayi. Tikunena zomwe makolo ankanena zija, kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Funso lina lachokera kwa bambo wa ku Dzivarasekwa: "Kodi kulakwa ndi kuipa n'chimodzimodzi?"

Ayi bambo. Tiyerekeze mwakwera kombi kupita m'tauni, mwapereka madola asanu, ndipo kondakitala wakubwezerani chenji chopitirira ndi dola imodzi. Iyeyo walakwitsa, sanafune. Inu mwawerenga, mwaona, mwapinda ndalamayo n'kuika m'thumba mwakachetechete. Pamenepo palowa kuipa, chifukwa mtima wavomereza. N'chifukwa chake timati "woipa mtima", koma simudzamva wina akuti "wolakwa mtima". Wolakwitsa timamuuza kuti akonze, iye n'kupepesa, nkhani n'kutha. Woipa timamuyang'anitsitsa ngakhale atapepesa.

Kusowa mtendere kumene mungakhale nako mutatsika kombiyo ndiko timati chikumbumtima. Mawu oyenda nacho ndi akuti "chikunditsutsa" kapena "chikundivutitsa". Ena masiku ano amati "ndikumva kulakwa", koma m'makutu mwanga mawuwa amamveka obwereka. Mukabwerera kukapereka dola ija, mudzangoti, "Achimwene, munandibwezera zambiri, chikumbumtima chimanditsutsa."