Sensa ya mpweya ikusewera pa paipi yatsopano: kodi silikoni ndiye mankhwala?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina wa ku Chelstone. Ali ndi Toyota Allion ya injini ya 1NZ-FE. Mwezi watha anachotsa bokosi la fyuluta lomwe linabwera ndi galimotoyo kuchokera ku Japan, n'kuikapo paipi ya aluminiyamu yokhala ndi fyuluta yosongoka, ija anyamata amaikonda chifukwa cha mkokomo wake. Chiikireni paipiyo, nyali ya check engine sikuzima, injini imanjenjemera akaima pa maloboti, ndipo atailumikiza ku makina inatulutsa nambala ya vuto ya P0171. Akuti akagwira ndi chala sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, ikusewera pang'ono pamalo pake. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndingopakapo silikoni kuzungulira sensayo?"

Ayi achimwene, silikoniyo mubwezereni m'thumba. Sensa imeneyi imatsekedwa ndi labala wake komanso pokhala posalala, ndipo ngati ziwirizi sizili bwino, chomata chilichonse chingobisa vutolo.

Mkati mwa MAF muli kawaya kopyapyala kamene kamatenthedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo mphamvu imene ikufunika kuti kakhalebe kotentha ndiyo imauza kompyuta ya galimoto kuchuluka kwa mpweya umene walowa. Kompyuta nayo imathira petulo molingana, pafupifupi gawo limodzi la petulo pa magawo 14.7 a mpweya, potengera kulemera. N'chifukwa chake galimoto yopangidwira ku Japan imayenda bwinobwino kuno ku Lusaka, komwe tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 ndipo mpweya ndi wopepukirako: sensa imayeza umene ulipodi. Tsono mpweya ukalowera pampata wa m'mbali mwa sensa, kapena paliponse pakati pa sensa ndi injini, umalowa osawerengedwa. Petulo amachepa, sensa ya ku ekizozi imaona zimenezo, kompyuta imayesa kuonjezera mpaka itafika polekezera, kenako n'kuyatsa nyali. P0171 ndi imeneyo. Injini ikamangolira galimoto itaima imakoka mpweya wochepa kwambiri, magalamu awiri kapena atatu pa sekondi, choncho ngakhale kampata kakang'ono kamasokoneza zinthu. Apo ndiye pakuchokera kunjenjemera kwa pa maloboti.

Komanso mpweya wakubawo sudutsa m'fyuluta. Ganizirani fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala pamisewu yathu ya dothi, likulowa mwachindunji m'masilinda.

Silikoni ndimamukana chifukwa wambiri wogulitsidwa m'mashopu, makamaka uja wonunkha ngati viniga, amatulutsa nthunzi pouma. Nthunziyo imakakuta kawaya ka MAF komanso sensa ya ku ekizozi, ndipo zikakutidwa sizichira. Wina amafinyikira mkati mwa paipi, n'kudzathothoka pambuyo pake kupita ku injini.

Chitani chonchi. Zimitsani galimoto, solani pulagi, masulani tisikuluwu tiwiri timene tagwira sensa, n'kutulutsa sensayo mosamala, osakhudza kawaya. Pakhosi pake pali O-ring, kalabala kozungulira ngati mphete. Labala ameneyu ntchito yake ndi kukanikizana ndi khoma la bowo, osati kungokhala pamwamba. Muyang'anitsitseni pakuwala. Galimoto zambiri za mtundu uwu zadutsa zaka khumi, ndipo labalayo amakhala ataphwanthalala, atauma, nthawi zina atang'aluka. Enanso amamutaya posamutsa sensa osadziwa. Tengani sensa ndi paipi yomwe popita kukagula wina, kaya ku mashopu a masipeya a mu Panganani Road kapena kwina, kuti mukayesere pomwepo. Woyenera ndi amene amachititsa kuti sensa ilowe mothina pang'ono, mukumva kuti labala wagwira. Kadontho ka madzi a sopo pachala n'kokwanira kuti iterere, girizi musaikepo.

Kenako yang'anani pokhala sensa pa paipiyo, chifukwa mapaipi otchipa amagwa mayeso pamenepa. Kachitsulo kamene sensa imakhalapo amachita kuwotcherera, ndipo moto umakapinda. Ikanipo rula yachitsulo, muunikire ndi tochi ya foni kumbuyo. Mukaona kuwala pansi pa rula, ndiye kuti si posalala. Chotsani paipi m'galimoto, matani sandipepa pagalasi, n'kumakhutizapo pang'onopang'ono mpaka mpatawo utatha, ndipo mutsuke paipi yonse kuti musatsale zinyenyeswa. Ngati bowo linakula moti palibe O-ring amene akugwira, dulani gasiketi yopyapyala ya labala kapena ya pepala la gasiketi, yokhala pansi pa mapewa a sensa. Ikhale yopyapyaladi, chifukwa yonenepa imakweza sensa ndipo mphuno yake siifikanso pamene mpweya ukudutsa bwino. Pomanga, sinthanitsani: uku pang'ono, uku pang'ono. Makutu a sensa ndi apulasitiki, mukalimbitsa ndi ukali amang'aluka. Onetsetsaninso kuti yayang'ana mbali imene inkayang'ana pa bokosi lakale.

Musaiwale ma clamp, timalamba tachitsulo tomanga m'malumikizo, ndi kapaipi kochokera pachivundikiro cha injini. Kameneko kayenera kubwerera pa paipi yaikulu, kuseri kwa sensa. Ndimaona galimoto zambiri ka nsonga kolumikizirapo katangosiyidwa pululu.

Pali china chimene ogulitsa mapaipiwa satchula, ndipo chimandipweteka mtima chifukwa anthu amataya nacho ndalama pogula masensa atsopano pomwe akale alibe mlandu. Sensa siyeza mpweya wonse. Imalawa wochepa umene wadutsa pa iyo, ndipo kompyuta imawerengera wotsalawo potengera kukula kwa paipi ya ku fakitale. Mukaika paipi yotakata, mpweya womwewo umayenda mochedwerapo, sensa imanena wochepa, ndipo P0171 imabwerera ngakhale mutatseka bwino chotani. Yezani m'kati mwa khosi la bokosi lakale pamene panali sensa, muyezenso paipi yatsopano. Zikasiyana ndi mamilimita angapo, muzu wa vuto ndi umenewo.

Makanika wa makina angakusiyanitsireni ziwirizi, mpata wolowetsa mpweya ndi paipi yotakata. Mupempheni akuonetseni fuel trim, muyeso wa petulo amene kompyuta ikuonjezera kapena kuchepetsa, osati kungofufuta nyali. Ikapitirira +10 peresenti galimoto itaima, koma n'kutsika mukaponda moto, pali podontha. Ikamakwera pamene mukuponda moto, ganizirani kukula kwa paipi kapena sensa yakuda. Podontha pamaoneka msanga akatseka mbali ya fyuluta n'kupopera utsi m'paipi injini itazima.

Ngati fyuluta yanu ndi ija yopaka mafuta, musaithire ambiri, amakathera pa kawaya. Potsuka sensa gwiritsani ntchito mankhwala opopera olembedwa kuti ndi a MAF, osati a kabureta, ndipo sensayo iume yokha musanaibwezere. Mvula ikayamba, fyuluta isakhale m'munsi pafupi ndi bampala: madzi amene amadzaza misewu ya ku Kanyama injini ikawamwa, zitsulo za mapisitoni zimapindika.

Mukapeza kuti paipiyo ndi yotakata koma mkokomo mukuufunabe, pezani chivundikiro chakale cha bokosi la Allion kwa ogulitsa masipeya a galimoto zophwasula, mudule chigawo chimene sensa imakhalapo, n'kuchilumikiza pakati pa fyuluta ndi paipi yanu. Bowo, kukula ndi pokhala labala zonse zikhala za ku fakitale. Siyaniko kachigawo kowongoka pakati pa fyuluta ndi sensa kuti mpweya uzifika utakhazikika, kenako fufutitsani zomwe kompyuta inazolowera, muyende nayo masiku angapo, n'kukaonetsanso fuel trim.