Kodi zofalitsa nkhani zimasinthadi khalidwe la alendo okaona malo?

Mwafunsa ngati mafilimu, wailesi ndi intaneti zingachititsedi alendo okaona malo kusamala chilengedwe. Ine ndikuona kuti zimatha, ngakhale kuti mphamvu yake imaoneka kwambiri pokopa anthu kusiyana ndi powalangiza. Gombe la Maya Bay ku Thailand linatchuka chifukwa cha filimu ya The Beach ya mu 2000, ndipo alendo anakhamukirako mwaunyinji moti maboti awo anawononga zamoyo za m'matanthwe a pansi pa nyanja, mpaka boma linatseka malowo mu 2018. Linawatsegulanso mu Januwale 2022, koma linaletsa kusambira pagombepo.

Dziko la Palau, la zilumba za m'nyanja ya Pacific, linatsata njira ina, imene ine ndimaikhulupirira kwambiri. Kuyambira mu Disembala 2017, mlendo amasaina lonjezo losamala chilengedwe lodindidwa m'pasipoti yake, lolembedwa ngati akulankhula kwa ana a dzikolo, ndipo panakonzedwanso kanema wamfupi woti azionetsedwa m'ndege zopita kumeneko. Uthengawu umamupeza munthu pa nthawi imene akulowa m'dzikomo, asanaponde n'komwe pamchenga, komanso kumbuyo kwake kuli malamulo olipiritsa chindapusa aliyense wowononga chilengedwe.