Zitsulo zounjikana kumapeto kwa khoma: kodi tingazimwaze?

Bambo wina amene akumanga nyumba ya nsanjika zisanu ku Limbe wandilembera imelo. Akuti pa khoma la konkire la pamasitepe, injiniya waunjika ma Y16 (zitsulo zonenepa mamilimita 16) kumapeto konse kuwiri, pakati n'kuikapo ma Y10 (za mamilimita 10) otalikirana. Kapitawo wawo akufuna kuzimwaza mofanana kuti ntchito ifulumire. Funso lawo n'lakuti, poti zitsulo n'zomwezo, pali vuto?

Lilipo bambo, musalole.

Khoma limenelo mainjiniya amalitcha shear wall, ndipo limagwira ntchito ziwiri pakamodzi. Limasenza kulemera kwa nsanjika zapamwamba, komanso limaletsa nyumba kupendama mphepo kapena chivomerezi chikaikankha chammbali. Kumbukirani mmene mumaimira kumbuyo kwa matola, miyendo mutatangadza. Dalaivala akaponda buleki, phazi limodzi limakanikizika pansi, linalo limafuna kunyamuka. Mapeto a khoma ndiwo mapaziwo. Konkire imapirira kukanikizidwa, koma ikakokedwa imang'aluka msanga, ndiye kumene kukufuna kunyamukako kumafunika chitsulo. Pakati pa khoma kukoka n'kochepa, choncho Y16 woikidwa pamenepo ndi ndalama yongogona.

Tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Khoma ndi la mamita 4 m'litali, mamilimita 200 kuchindikala, ndipo lasenza 1600 kN (makilonyutoni, kulemera kwa matani pafupifupi 160). Katunduyo akagawidwa pa khoma lonse, paliponse pakukanikizidwa ndi 2 N/mm² (manyutoni 2 pa sikweya milimita iliyonse). Mphepo ibweretse mphamvu yopinda ya 1600 kNm (makilonyutoni kuchulukitsa ndi mamita), yomwe pa khoma lotere imapereka 3 N/mm² kumapeto: kuwonjezera uku, kuchotsera uko. Mbali ina ikhala pa 5, inayo yatsika kudutsa ziro, ikukokedwa ndi 1. Lamulo lachidule ndi ili: gawani mphamvu yopindayo ndi katundu, ndipo yankho likaposa gawo limodzi mwa magawo 6 a utali wa khoma, kukoka kwayamba. Apa yankho ndi mita imodzi pamene malire ndi 0.67.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti kulemera kumathandiza. Mutasenza thumba la chimanga m'matola muja, phazi silinyamuka wamba. N'chifukwa chake BS 8110, buku la ku Britain la malamulo omangira ndi konkire, imafuna kuti khoma liwerengedwenso nyumba ili yopepuka, yopanda anthu ndi katundu, mphepo itachulukitsidwa ndi 1.4. Nthawi zambiri chiwerengero cha ma Y16 chimachokera pamenepo.

Nanga bwanji mbali zonse ziwiri? Mphepo imatembenuka, ndipo chivomerezi chimagwedezera uku ndi uku. Ena amati ku Blantyre kuno sikugwedezeka, koma tili m'mphepete mwa chigwa cha Shire, mbali ya mng'alu womwewo umene unagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009. Mapeto amene akukokedwa tsopano, kamphindi kena akukanikizidwa, ndipo apo maring'i othithikana, tizitsulo tozungulira ndi kumanga ma Y16 aja pamodzi, ndiwo amaletsa zitsulo kupindikira kunja.

Musanathire konkire, kaoneni nokha ngati zitsulo zochokera m'maziko zatulukira kumapeto komweko, komanso ngati zalumikizana ndi zapamwamba pa utali umene pulani yanena. Ndinaonapo pulambala atagumula m'mphepete mwa khoma lotere kuti padutse paipi yakuchimbudzi, n'kudula zitsulo ziwiri ndi galayinda. Muwauziretu a kapitawo kuti bowo lililonse pa khomalo liyambe lavomerezedwa ndi injiniya amene anasaina pulani.