Mizere ya pamsewu kuno ku Joni: yankho kwa achemwali omwe akuphunzira galimoto

Achemwali, mwafunsa kuti mizere yojambulidwa pamsewu kuno ku Johannesburg imatanthauza chiyani, poti mwangotenga kumene learner's, chiphaso chophunzirira galimoto, ndipo mukakhala pachiwongolero mukungoona penti paliponse. Mwachita bwino, safunsa anadya phula. Ine ndimayendetsa galimoto yoperekera katundu tsiku ndi tsiku, ndiye ndikuuzeni zomwe ndimakumana nazo.

Mzere wa pansi ndi lamulo, chimodzimodzi chikwangwani cha pamtengo. Zonsezi zili pansi pa National Road Traffic Act ya 1996, ndipo a JMPD, apolisi a mzinda uno, akhoza kukulemberani chindapusa chifukwa cha pentiyo basi. Musaphunzirenso poonera matekisi. Zomwe ena mwa iwo amachita m'mawa pa Louis Botha Avenue, inu mukazichita pa mayeso a laisensi otchedwa K53 mwalephera pomwepo.

Ndiyambe ndi mzere woyera wonenepa wodutsa chopingasa pa maloboti kapena pa STOP, chifukwa ndi umene unandigwetsa ulendo woyamba. Ndinaima ndithu, koma mphuno ya galimoto inali itadutsa mzerewo pang'ono. Woyesa uja anangotseka faelo yake n'kunena kuti tibwerere. Ndalama ya mayeso ndi tsiku la ganyu zinapita. Galimoto yonse iziima kumbuyo kwa mzere, matayala asiyiretu kuzungulira. Mzere wopingasawo ukakhala wodukaduka ndiye kuti mupatse mpata ena; ngati kulibe chobwera, kuima sikofunika. Nthawi zambiri musanafikepo mumayamba mwaona chizindikiro choyera cha ngodya zitatu pansi.

Ya pakati pa msewu ndi yosavuta. Woyera wodukaduka mutha kuwoloka mukaona kuti kutsogolo kuli bwino. Woyera wosaduka musaudumphe kuti mupitirire mnzanu. Ikakhala iwiri yosaduka, muiyese khoma. Wosaduka ndi wodukaduka zikagundizana, womvera ndi umene uli mbali yanu.

Tsono wachikasu wa kumanzere, apa ndi pomwe anthu athu ambiri amanamizana. Mudzamva wina akuti ku Joni ukaona galimoto yothamanga kumbuyo uyenera kulowa mu yellow line. Ayi. Lamulo limangokulolani, silikukakamizani, ndipo limalola pokhapokha msewu uli wa njira imodzi uku ndi imodzi uko, dzuwa litatuluka ndipo lisanalowe, mukutha kuona bwino mamita 150 kutsogolo, komanso pali galimoto yomwe ikukupitirirani. Pa misewu ikuluikulu ya M1, M2 kapena N1 kuno ku Joni zimenezi palibe. Mpata umenewo ndi wa amene galimoto yamufera ndi wa ambulansi. Chimandiwawa n'chakuti m'mphepetemo ndi momwe mumayenda abale athu apansi ndi apanjinga pobwera ku ntchito kukuda. Wakumbuyo akakuthwanimitsirani magetsi inu musanakhutire, gwirani njira yanu, apitirire akapeza mpata.

M'tauni, mzere wachikasu wa m'mbali mwenimweni mwa msewu umaletsa kupaka galimoto, pomwe wofiira umaletsa ngakhale kuima kotsitsa munthu. Ukakhala wodukaduka, yang'anani chikwangwani chapafupi, chimanena maola ake. Malo opakapo achikasu okhala ndi chilembo ali ndi eni ake: L ndi potsitsira katundu, T ndi matekisi, B mabasi, A ambulansi.

Mivi nayo muiyang'ane mtundu. Yoyera imakuchenjezani mukadali patali kuti njira yomwe mulimo ikulowera kuti. Yachikasu, ya pamphambano penipeni, ndi lamulo. Mukapezeka mwaima pa muvi wachikasu wokhotera kumanja chonsecho mumafuna kupita molunjika, khotani basi, mukazungulire kutsogolo. Mphindi zitatu zomwe mutaye sizingafanane ndi kukhulana ndi galimoto ya eni.

Pa mphambano zina mudzaona bokosi lachikasu la mizere yopingasana ngati ukonde. Musalowemo ngati kutsidya kulibe malo oti galimoto yanu ikwane, ngakhale loboti itayaka yobiriwira. Akumbuyo adzaliza hutala, alekeni alize. Mukalowamo n'kukanirira pakati, loboti ikasintha mwatsekera msewu wonse. Mizere yoyera yokhotakhota pafupi ndi powolokera anthu imatanthauza kuti pamenepo simupitirira galimoto ina, ndipo mumaima kokha popatsa mpata owoloka kapena ngati wakutsogolo waima. Njira za mabasi a Rea Vaya, omwe anayamba kuyenda mu 2009, zisiyeni ngakhale zioneke zopanda kanthu.

Mvula ya madzulo ya kuno ikagwa, msewu umanyezimira ndipo penti yotha imasowa. Chepetsani liwiro, mutsate timagalasi tonyezimira ta pansi pa msewu: tachikasu tili kumanzere, toyera pakati pa njira, tofiira ndi posawoloka. Magetsi akathima maloboti n'kufa, mzere woimira uja ukadalipo; imani ngati pa four-way stop, mphambano yokhala ndi STOP mbali zonse: wofika poyamba ndiye ayambe.

Lamlungu m'mawa misewu ya ku Rosettenville ndi Turffontein imakhala yopepuka. Pezani munthu wa laisensi akhale pambali panu, poti ndi learner's simuloledwa kuyenda nokha, ndipo muzimutchulira mokweza mzere uliwonse musanaufike. Mzere wina ukakusokonezani, aujambule wa pambali panuyo inu manja ali pachiwongolero, mudzanditumizire ndikuuzeni.